Batani Lotsekera Mawu

Kuntchito ankamutcha Ndamvetsa, ndipo dzinalo silinamupweteke mpaka sabata imene mkazi wake anachoka. Linachokera pa mawu amene ankayambira yankho lililonse pafoni: "Ndamvetsa bwino vuto lanu." Ankawanena mokoma kwambiri moti munthu woimba ali ndi thovu kukamwa ankafewa, mpaka kuyamba kupepesa yekha chifukwa chokalipa. Anzake ankamuyeseza pa nthawi ya tiyi, iye n'kumaseka nawo, mumtima akuti ndi nsanje chabe imeneyo.

Ankagwira ntchito pakampani ina ya mafoni, m'chipinda chachikulu chopanda mawindo chimene mafoni onse a anthu odandaula amafikira. Madesiki anali m'mizere, ogawidwa ndi timatabwa tolekeza m'mapewa, aliyense ndi kompyuta yake ndi mahedifoni ake. Kutsogolo kunali sikirini yaikulu yosonyeza anthu amene akudikira pamzere. Ikakhala yobiriwira anthu ankapumako, koma ikafiira, ngakhale wofuna kuchimbudzi ankangopinda miyendo n'kupirira. Ndamvetsa anali padesiki ya othawa, kumene amatumizako makasitomala amene anena kuti atopa, akupita kukampani ina. Ntchito yake inali kuwabweza. Ankawabwezadi, ndipo chithunzi chake chinali pakhoma pafupi ndi khomo, akumwetulira ngati munthu amene sanakanidwepo chibadwire.

Kompyuta inkagawa anthu m'magulu. Kunali atsopano, kunali okhazikika, kunali ogona amene nambala yawo yangokhala osaimba osalandira, ndiponso ozizira, amene zikuoneka kuti tsiku lililonse athawa. Munthu akangoimba, fayilo yake inkatseguka yokha: dzina, zaka, kumene amakhala, mabandulo amene amakonda, ndi madandaulo ake onse akale. Ndiye Ndamvetsa sankavutika n'kumvetsera zambiri. Khutu lake linazolowera kusaka liwu limodzi lokha, kaya "netiweki", kaya "bilu", kaya "mwandidula", ndipo likangoligwira iye ankadziwa kale tsamba la sikiripiti, buku la mayankho okonzeratu, loti awerenge. Zina zonse zimene munthuyo ankanena zinkangomveka ngati mvula padenga. Luso limeneli ankaliphunzitsanso kwa olembedwa kumene, ataimirira, manja ali m'thumba.

Koma chuma chenicheni cha ntchitoyi chinali kabatani ka pachingwe cha mahedifoni, kamene kamalendewera pachifuwa. Ukakadina, iwe umamumva kasitomala koma iye sakumva. M'chipinda monsemo anthu ankakhalira moyo kabatani kameneka. Kasitomala akayamba kulongolola, umadina n'kutulutsa zakukhosi: "Ayi koma bambo awa, kwawo kulibe wowamvetsera kodi?" Kenako umadinanso, mawu n'kubwerera ali tseketseke: "Ndamvetsa bwino vuto lanu, bwana." Chala chachikulu cha Ndamvetsa chinali chitaphunzira ntchito imeneyi mpaka chinkaichita chokha, mutu osachituma.

Tsiku la tsokalo anafika kunyumba dzuwa lili pang'ono kulowa, shifiti itamufinya. Mkazi wake anali telala, ndipo ankasokera pabalaza pafupi ndi windo, pansi pali mbwee tizidutswa ta nsalu. Ana awo awiri anali kusukulu yogonera komweko. Tsikulo makina osokera anali ovundikira ndipo pansi panali posesa, zimene munthu wina aliyense akanadabwa nazo. Mkulu wathuyu anangodziponya pampando n'kuvula nsapato. Mkazi anabwera kudzakhala pafupi naye.

"Bambo a ana, ndili ndi nkhani. Mundimvetsere," anatero.

Anayamba kufotokoza. Ndamvetsa ankagwedeza mutu pamalo oyenera, n'kumaponyamo "ee", "zoona", "pitirizani". Khutu lija linanyamuka kukasaka liwu lake. Linamva "ndatopa", linamva "makasitomala akubweza zovala", basi nkhani yonse inalowa m'gulu lake: dandaulo la kuntchito, limene mankhwala ake ndi kupepesa ndi kulimbikitsa. Atapeza gulu, anasiya kumvetsera n'kuyamba kudikira kuti mkaziyo apume. Mkazi sanapume. Ndiye chala chija chinakwera chokha pachifuwa, chinapeza batani la malaya, n'kudina.

"Ayi koma mayi uyu amalongolola," anatero Ndamvetsa momveka bwino, akuyang'ana kudenga. "Munthu ungapume liti?"

Chala chinadinanso batani la malaya lija. Iye anatembenuka akumwetulira.

"Ndamvetsa bwino vuto lanu, mayi a ana, ndipo ndikupepesa kwambiri."

Mkazi anamuyang'ana kumaso, kenako anayang'ana pachifuwa, pamene chala chinali chikadali chigwirire. Sanakalipe, sanalire. Zikanakhala bwino akanakalipa, chifukwa munthu wokalipa Ndamvetsa ankadziwa pomugwira.

"Batani limenelo ndinakusokererani ndine," anatero mkaziyo. "Silitseka mawu."

M'mawa mwake analongedza chikwama n'kupita kwa mkulu wake, makina n'kuwasiya chivundikirire.

Masiku oyamba Ndamvetsa anadzilimbitsa mtima ndi nzeru za kuntchito. Wothawa weniweni amatenga zake zonse, ankadziuza choncho akupaka majarini pabuledi. Uyu wasiya makina, ndiye kuti ndi wozizira chabe, ndipo wozizira samupanikiza, umamusiya apume kenako umamuimbira ndi mawu abwino. Anaimba. Foni inalira mpaka kuduka yokha. Analemba mauthenga, ena aatali ena aafupi, ndipo onse anakhala osawerengedwa. Katswiri wobweza anthu, amene chithunzi chake chili pakhoma, anayamba kuchapa yekha masokosi m'beseni akulankhula yekhayekha. Chimene sanachiyembekezere chinali bata. Zaka zonsezi ankadandaula kuti makina osokera amasokosa, koma tsopano pabalaza panali zii, ndipo iye ankayatsa wailesi osaimvera. Kunena zoona ankamusowa mkazi wake, ndipo anali ndi mantha kuti sadzabweranso.

Mantha ndi amene anamuchititsa zopusa zachiwiri. Pakampanipo panali lamulo limene aliyense analisainira tsiku loyamba: fayilo ya mbale wako, mnzako kapena woyandikana naye nyumba suitsegula, ngakhale zitavuta bwanji. Ndamvetsa yemwe ndi amene ankawaopseza nalo atsopano. Koma Lachinayi masana sikirini yaikulu ili yobiriwira, anayang'ana uku ndi uku ngati mwana wofuna kunyambita shuga, n'kulemba nambala ya mkazi wake. Fayilo inatseguka. Pamwamba panali mawu obiriwira akuti: "Kasitomala wokhazikika. Chiopsezo chothawa: chochepa kwambiri."

Anaseka yekha mpaka wa desiki yoyandikana anasuzumira. Kompyuta sinaname ayi. Kampani mkazi wake sanaithawe, ndipo analibe nayo mlandu. Wothawidwa anali mmodzi yekha m'chipinda chonsecho, wovala mahedifoni atsopano amene anapatsidwa ngati mphoto. Ndiye anaganiza kuti, popeza nambala yake mkaziyo sakuyankha, mwina ya kampani ayankha. Anadina poimbira.

"Halo?"

Mawuwo sanali a mkazi wake. Anali a mlamu wake, mkulu wa mkaziyo, mphunzitsi wopuma ntchito amene ankalankhula ndi munthu aliyense ngati wafika mochedwa m'kalasi. Ndamvetsa anafuna kunena kuti, "Alamu, ndine." Koma mahedifoni anali m'makutu, fayilo inali patsogolo, ndipo pakamwa panachita zimene panazolowera.

"Mwaswera bwanji, ndikuimba kuchokera kudesiki yosamalira makasitomala. Dziwani kuti kucheza kwathu kukujambulidwa pofuna kupititsa patsogolo ntchito yathu. Kodi ndikulankhula ndi mwini nambala?"



"Alamu," anatero mayiwo, "mwayamba kumwa?"

"Ayi alamu, pepani. Ndimafuna mayi a ana."

"Agona. Sakugwira foni masiku ano."

"Ndamvetsa bwino. Taona kuti papita masiku angapo asanabwere kunyumba, ndiye tikufuna kudziwa chimene chinawakhumudwitsa, tione chimene tingachite kuti abwerere."

"Tikufuna? Muli angati kumeneko?"

"Ndili ndekha."

"Ndiye dzifunseni nokhanu. Anakuuzani zonse, inu muli khale pampando."

Apa munthu wamutu wabwino akanavula mahedifoni n'kugwada, ngakhale pafoni kugwada sikuoneka. Ndamvetsa anamva pakamwa pake pakufunsa kuti, "Pali china chimene ndingakuthandizeni lero?" Foni inadulidwa. Kompyuta inatulutsa kabokosi kamene kamabwera kumapeto kwa foni iliyonse, kofuna kuti asankhe chifukwa cha kasitomala asanatseke tiketi ya dandaulolo. Anayang'ana netiweki, anayang'ana bilu, anatsika mpaka pansi n'kusankha "zina".

Pakona pa chipindacho panali kaofesi kagalasi, ndipo mkatimo munkakhala mayi wina amene onse ankawatcha Mayi Khutu. Ntchito yawo inali kumvetsera mafoni ojambulidwa n'kupereka mamalikisi. Sankakweza mawu, sankathamanga, ndipo akakuitana ndi chala unkayamba kukumbukira machimo ako onse uli m'njira. Lachisanu m'mawa chalacho chinaloza Ndamvetsa.

"Khalani pansi. Tamverani izi," anatero Mayi Khutu.

Palibe chilango choposa kudzimvera wekha. Mawu ake anatuluka m'kasipika ali osalala, aulemu, onunkhira ngati sopo. Anamva "tikufuna kudziwa". Anamva mlamu wake akufunsa ngati wayamba kumwa, ndipo analakalaka zikanakhala zoona, chifukwa woledzera amakhala ndi podzikhululukira. Pofika pa funso lomaliza lija, thukuta linali litanyowetsa kolala.

"Moni mwapereka bwino, za kujambula mwanena, kutseka mwatseka mwaulemu," anatero Mayi Khutu. "Pa sikiripiti mwakhoza zonse. Koma fayilo ya akazi anu mwatsegula, ndipo mukudziwa kuti ena tinawachotsa ntchito pa mlandu umenewu. Inu mulandira kalata ya chenjezo, mukapume kunyumba mpaka Lolemba. Mukadzabwereza, mudzatenge chithunzi chanu pakhomapo mudzapite nacho."

"Zikomo mayi. Ndalakwa."

"Sindinathe. Pachifukwa mwasankha 'zina'. Vuto la kasitomala ameneyu n'chiyani?"

"Ndi za ntchito yake. Akuti watopa."

"Watopa ndi chiyani?"

Ndamvetsa anatsegula pakamwa. Anafufuza m'mutu monse, ndipo anapeza kuti madzulo aja anasungako mawu awiri atatu okha, ndi nkhope ya mkazi wake ikuyang'ana batani la malaya. Munthu amene akanatha kukuuza bandulo imene kasitomala wosamudziwa anagula chaka chatha sankadziwa chimene mkazi wake ananena atakhala naye mpando umodzi.

"Ine ndimakumverani tsiku lililonse," anatero Mayi Khutu akuvala mahedifoni awo. "Sindinakumvenipo mukufunsa funso limene yankho lake simukulidziwa kale. Kuno zimenezo timakupatsirani mphoto. Pitani."

Mungaganize kuti mawu amenewa anamusintha pomwepo. Ayi ndithu. Atakwera basi yopita kwa mlamu wake, anapezeka kuti akukonza dongosolo. Ayamba ndi kupepesa mosadziikira kumbuyo, chifukwa wothawa safuna zifukwa. Akafewa, amupatse chokopa: nyale yatsopano ya pamakina, mwinanso mashelefu a nsalu amene mkaziyo wakhala akupempha. Akavomera, atseke msanga asanasinthe maganizo. Anatsika panjira n'kugula malalanje, ndipo pamene ankakwera masitepe a nyumba ya mlamu wake anali akuyeserera mawu oyamba chapansipansi, akusintha apa ndi apo kuti asamveke ngati oyeserera.

Mlamu anatsegula chitseko, n'kumuyang'ana kuchokera kunsapato mpaka kumutu.

"Kucheza kwathu kukujambulidwanso lero?"

"Ayi alamu."

"Lowani. Musatsegule makatani."

Kunja kunali dzuwa loswa mtengo, koma pabalazapo panali kamdima. Maso ake anatenga kanthawi kuti azolowere. Kenako anamuona mkazi wake atakhala pampando wa pakona, mutu atautsamiritsa kukhoma. Diso lake lakumanzere linali lophimbidwa ndi thonje loyera, lomatidwa ndi pulasitala kuchokera pamphumi mpaka patsaya. Mawu onse a m'basi aja anamuthawa. Anaima pakati pa chipinda ndi jumbo ya malalanje, kukamwa kuli yasa.

"Chachitika n'chiyani? Mwagwa?"

"Opaleshoni," anayankha mkazi wake.

"Ya chiyani? Liti?"

"Lachiwiri. Ndinakuuzani."

Mlamu analanda jumbo ija n'kupita nayo kukhitchini, koma chitseko sanatseke. Mkaziyo analankhula mosakweza mawu, diso limodzilo likuyang'ana pansi.

"Ndinakuuzani kuti maso akuchita chifunga. Ndinakuuzani kuti mizere ikukhota, n'chifukwa chake anthu akubweza zovala. Ndinati dokotala wapeza ng'ala m'maso onse awiri, ndipo ayamba ndi lakumanzere. Ndinakupemphani kuti mupemphe tchuthi mundiperekeze. Ndinali nditangofika pa mawu oti ndikuopa. Ndi pomwe munadina batani lanu."

Ndamvetsa anakhala pakampando kamene kanali pafupi. Manyazi a m'kaofesi kagalasi aja anali masewera. Enieni anali awa. Anamuona m'maganizo mkazi wake atagona patebulo la chipatala, munthu amene moyo wake wonse wadyera maso, akudikira mpeni padiso, pamene iye anali padesiki kunyengerera mlendo wina kuti asasiye bandulo ya pamwezi. Pakamwa pake, posadziwa china, panayamba kale: "Ndamve..." Analuma mlomo.

"Sindinamve chilichonse," anatero. "Tsiku lija sindinamve chilichonse."

"Ndikudziwa."

"Diso likuona?"

"Akuti liona. Dzulo atachotsa thonje kuti atsuke ndinaona maluwa a pakatani ya achemwali. Ndi oipa, sindinkadziwa."

"Ndakumva iwe!" anakuwa mlamu kuchokera kukhitchini.

Mkaziyo anamwetulira pang'ono, ndipo mtima wa Ndamvetsa unadumpha, chifukwa kuntchito kasitomala akaseka ndiye kuti wagwidwa, umatseka pomwepo. Anatsala pang'ono kutulutsa za nyale ndi mashelefu. Mwamwayi anayang'ananso thonje lija, n'kuona kuti kulonjeza nyale munthu amene wakhala m'chipinda chotseka makatani n'kupusa kopitirira kumene anali atafika kale.

"Mubwerera kunyumba?" anafunsa. Yankho lake sankalidziwa, ndipo mawu ake anatuluka okhakhala, osakoma n'komwe.

"Sindikulonjeza. Ine kukalipiridwa ndingapirire, bambo a ana. Koma kukhala m'nyumba ndi munthu amene amandimwetulira kwinaku akudikira kuti ndimalize, ayi, ndatopa nazo. Kuno achemwali amandidula mawu, amanditsutsa, amandikalipira, koma ndikanena kuti ndikuopa amakhala pansi."

Iye anafufuza m'sikiripiti ya m'mutu mwake. Panalibe tsamba la zimenezi.

"Latsala lakumanja," anapitiriza mkaziyo. "Achemwali akuti andiperekezanso."

"Ndidzakuperekezani ndine."

"Liti?"

Ndamvetsa anakanda kumutu.

"Tsiku lakenso ndinakuuzani madzulo omwe aja," anatero mkaziyo.

Mlamu anali ataima pakhomo la kukhitchini, mpeni m'dzanja lina lalanje m'dzanja lina, akudikira kuti aone ngati wophunzira wake wopusitsitsa akhoze funso limodzi lokha. Ndamvetsa akanatha kulota tsiku. Akanatha kunena kuti adzafunsa kuchipatala. Mayankho oterowo anali nawo ambiri, ndipo onse anabwera n'kufola pamlomo.

"Sindikulidziwa," anatero. "Ndiuzeninso. Chonde."

Mkazi wake anatembenuza mutu pang'onopang'ono kuti amuone ndi diso lotsalalo, lomwe nalonso linkaona mwachifunga. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndikuuzani. Koma ndiyambira pachiyambi, ndipo tsikulo lili kumapeto. Mukafuna kulimva, mumve zonse."

"Yambani."

Mlamu anabwerera kukhitchini, ndipo ulendo uno chitseko anatseka. Mkaziyo anakonza pilo kumsana kwake n'kuyamba. Sanayambire pa dokotala, kapena pa zovala zobwezedwa. Anayambira kale kwambiri, ana asanabwerere n'kusukulu komwe, pa m'mawa wina umene ulusi unakana kulowa m'singano. Anati anayesa pawindo, anayesa panja, anapukuta maso, koma ulusi osalowa. Anati zaka zonse zimene wasoka sanapemphepo munthu kuti amulowetsere ulusi, koma tsiku limenelo anapempha, ndipo popemphapo ankafuna kuti wina amufunse chifukwa chake.

Ndamvetsa anaukumbukira m'mawa umenewo. Anali atavala kale jekete, chikwama chili paphewa. Analandira singanoyo, analowetsa ulusi kamodzi n'kamodzi, anamubwezera mkazi wake, n'kuthamangira basi akudzitama mumtima kuti vuto limenelo walithetsa msanga.